Liwu la Kuseri kwa Katani

Anthu a ku Taylor Road amandifunsa kuti ndinampeza bwanji mwamuna ndili pa maliro, ngati kuti ndinadzola milomo n'kupita kukasaka. Sindinasake munthu ine. Ndinkapita kukanenera bambo anga Kadishi, pemphero lathu lachiyuda lonenera omwalira, basi.

Bambo anatisiya Pasaka itangotha. Ndikuti anatisiya, koma wosiyidwayo ndinali ine ndekha, Shifra Landau, mwana wawo m'modzi yekhayo, poti amayi anatsogola ndikadali pasukulu. Mwana wa malemu amayenera kuimirira tsiku ndi tsiku kwa miyezi khumi ndi umodzi n'kunena pemphero limeneli pamaso pa amuna khumi, iwo n'kumayankha kuti Ameni. Akati mwana, aliyense kuno ku Cleveland amamva kuti wamwamuna. Ine ndinamva kuti mwana.

A Rabi atandimvetsera anakanda ndevu nthawi yaitali. Pomaliza anati lamulo silikundiletsa, koma kuti pasabuke phokoso ndizinena ndili kuseri kwa katani yolekanitsa amuna ndi amayi, ndipo pazikhala mwamuna wonena nane limodzi kuti liwu langa lisamveke lokha. Mwamunayo anapezeka. Anali a Zelig Tannenbaum, gogo wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, amene ankalira amayi awo omwe anamwalira atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zana. Ankanena mawuwo mwapang'onopang'ono dala kuti ndisatsalire m'mbuyo.

Chotero kwa miyezi isanu ndi inayi, hafu pasiti sikisi m'mawa uliwonse, ndinkatsikira m'kachipinda kapansi ka sunagoge. Kumbali ya amuna kunkakhala anthu khumi, nthawi zina khumi ndi m'modzi. Kumbali ya amayi kunkakhala ine, mipando yopinda ndi tsache.

Kataniyo inali ndi kampata. Sindinaboole ine, ndinakapeza. Pakampatapo ndinkaona msana wa mnyamata wamtali wopanda nsalu yopempherera paphewa, ndiye kuti wosakwatira. Sabata lachitatu ndinapeza wina wandiyatsira getsi ndi hita. Mwezi wachiwiri tsache linachoka, pamalo pake panabwera mpando wabwino wa khushoni. Mwezi wachinayi azakhali a mnyamatayo anandiimbira foni kufunsa ngati ndingalole kumwa khofi ndi Naftali Brandwein. Kuchokera pamenepo tinamwa khofi wokwana kudzaza bafa, tinayenda m'mapaki mpaka nsapato kutha, osagwirana ngakhale chala, monga mwa chikhalidwe chathu. Amene amati zimenezi n'zosavuta sanaonepo manja a Naftali.

Vuto linali limodzi. Amene amasunga kiyi wa kachipinda kaja, kuitana amuna ndi kunyamula okalamba pagalimoto yawo anali a Brandwein, bambo ake a Naftali, ndipo miyezi isanu ndi inayi yonseyo anali asanandipatseko moni.

Lolemba, titatha kupemphera, a Zelig anandiimitsa pamakwerero.

"Mwanawe, Lachinayi ndikumaliza."

"Kumaliza chiyani, agogo?"

"Miyezi yanga yakwana. Ndikapitirira ngakhale tsiku limodzi, ndiye kuti ndikuuza dziko lonse kuti amayi anga anali munthu woipa wofunika mapemphero oonjezera. Anali ovuta, inde, koma osati woipa."

"Ine anditsalira masabata asanu ndi awiri," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndafunsa anzangawa, oti makolo awo anapita kale, kuti wina azinena nawe. Aliyense akuyang'ana nsapato zake. A Brandwein ati nkhani imeneyi ithere pa ine. Ndipo iwe ukudziwa kuti m'chipale chofewa chino amatinyamula ndani."

* * *

Masana omwewo Naftali anandilembera.

"Ndamva za a Zelig. Usadandaule. Ndakonza."

"Wakonza chiyani?"

"Lachitatu madzulo ubwere kwathu kudzamwa tiyi. Amayi akuitana okha."

"Amayi ako? Amene amandiona pamsewu n'kuyamba kufufuza m'chikwama?"

"Omwewo. Shifra, ndinawagwadira masiku atatu. Udzasangalala."

"Ndiuze pano."

"Ayi. Ndikufuna ndidzaone nkhope yako."

Ndinaiwerenga meseji imeneyo kasanu. Ndisaname, ndinakondwa ngati kamwana. Ndinaganiza kuti mwina bambo ake afewa mtima ndipo adzanena nane okha. Ndinatulutsa diresi yanga yabuluu ya manja aatali n'kuisita kawiri.

Lachiwiri ndinalowa m'shopu ya buledi kukagula keke yoti nditengere kumeneko. Pamzere ndinapezana ndi Henya Gutman. Amayi a Henya ndi amayi a Naftali amakhala mipando yogundizana ku sunagoge kuyambira Henyayo asanamere mano, ndipo chiyambire nthawi imeneyo amayi awiriwo anali atamaliza kale kukonza ukwati. Wotsala kuuzidwa anali mkwati yekha. Henya ndi wokongola, zimenezo sinditsutsa. Amadziwanso kumwetulira munthu uku akumuyeza ngati nsalu.

"Shifra, waonda. Kudzuka m'mamawa kumeneku sikukukomera."

"Ndimagona msanga. Ndilibe miseche yochezera."

Anaseka pang'ono. "Komabe zikomo kuti zatha. Ndamva ukupuma pa ntchito ya amuna ija."

"Wamva kwa ndani?"

"Aa, sunauzidwe? Pepa. Amayi a Naftali anali kwathu dzulo, analira misozi yeniyeni. Akuti apereka mwana wawo nsembe kuti akuwombole. Ine ndinati, munthu wa mwayi Shifra. Ena timangophika msuzi, ena mpaka banja lonse kuwasinthira mwambo."

"Uwonjezere mchere mu msuziwo, mwina zidzakuyendera," ndinatero.

Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, keke ili m'manja. Nsembe yanji? Kundiwombola kwa ndani? Ndinatenga foni kuti ndimfunse Naftali, kenako ndinaibweza m'thumba. Ndinafuna kuti nayenso adzaone nkhope yanga.

* * *

Nyumba ya a Brandwein ndi yoyera moti umachita manyazi kupuma. Amayi ake a Naftali anandilandira ndi manja awiri, tsitsi lawo lovala litapesedwa bwino lomwe. Anayamikira keke yanga n'kuiika pamwamba pa firiji, pomwe sinatsikenso. Bambo ake anangogwedeza mutu osachotsa maso m'buku. Naftali anakhala moyang'anizana nane, nkhope ikuwala ngati wapambana mayeso.

"Mwana wanga," anayamba amayiwo atathira tiyi, "ukudziwa kuti munthu amene bambo ndi mayi ake ali moyo sanena Kadishi. Kwathu, pempheroli likayamba, ana oti makolo awo alipo ankatulutsidwa panja kuti asalimve n'komwe. Amayi anga akanamva zimene ndikufuna kunena pano akanakomoka."

"Ndikudziwa, mayi."

"Naftali wandivutitsa. Sindinagone masiku atatu. Koma ndalola." Anapukuta diso ndi kansalu. "Ndampatsa chilolezo, ine ndili moyo, bambo ake ali moyo, kuti anenere bambo ako Kadishi masabata asanu ndi awiri otsalawa. Ngati mkamwini. Ngati mwana wawo wamwamuna amene sanakhale naye."

Ndinamuyang'ana Naftali. Mtima wanga unasungunuka, chifukwa ndinadziwa kukula kwa chimene anapempha. Mayi wachiyuda kulola mwana wake kunena pemphero la amasiye iye akupuma si masewera.

"Ndiye kuti tizinena limodzi," ndinatero. "Iye uko, ine kuseri kwa katani, ngati mmene tinkachitira ndi a Zelig. Mayi, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji."

Supuni ya amayiwo inaima m'kapu.

"Ayi, mwana wanga. Sunamve bwino. Azinena m'malo mwako, osati pambali pako. Iwe uzigona. Wayesetsa, Mulungu waona, anthu aona mpaka atopa. Lachisanu usapiteko. Ndipo miyezi yako ya maliro ikatha, tikhale pansi tikambe za tsiku la ukwati."

Apo ndi pamene bambo ake anatseka buku lija n'kundiyankhula koyamba chibadwire.

"Mzimu wa bambo ako upindula kwambiri ndi liwu la mwamuna wowerengedwa pa khumi paja. Zimenezi si zanga, n'zakalekale. Mtsikana amalemekeza kholo lake poyatsa kandulo ndi polera ana abwino."

"Naftali," ndinatero, "unadziwa kuti ndi m'malo mwanga?"

Kuwala kuja kunayamba kuzima. "Ndinaganiza kuti chachikulu n'choti Kadishi isaduke. Ndipo watopa, Shifra. Ndimakuona m'mawa, maso ali ofiira."

Ndinaika kapu pansi mosamala, poti inali yodula.

"Mayi, mphatso yanuyi ndi yaikulu, ndipo sindidzaiiwala. Koma ndikuuzeni kanthu. Abambo akabereka mwana wamwamuna amati, uyu ndiye Kadishi wanga. Bambo anga ankanena zimenezo za ine. Ankandinyamula paphewa ndili ndi zaka zinayi n'kumauza anzawo ku sunagoge kuti, mwamuona Kadishi wanga? Anthu ankaseka, iwo osaseka. Anandiphunzitsa mawu onse ndisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. M'chipatala, tsiku loti mawa lake apita, anandiuza kuti ndiwanenere amve ngati ndikukumbukira. Anandikonza malo awiri. Bambo anga sanasowe mwana, mayi. Mwana wawo ndi uyu wakhala apayu."

"Ndiye ukukana?" anafunsa amayiwo, mawu atazizira.

"Ndikupempha kuti anene nane."

"Zimenezo ayi. Sindingaike moyo wanga pachiswe kuti mwana wanga akakhale chothandizira chionetsero."

"Ndiye Lachisanu ndidzanena ndekha."

"M'chipinda chimene kiyi wake ndimasunga ine, ayi," anatero bambo aja, n'kutsegulanso buku lawo.

* * *

Naftali ananditsatira mpaka pagalimoto, wopanda jekete, chipale chikumugwera m'tsitsi.

"Ukudziwa zimene wataya? Amayi anatchula za ukwati ndi pakamwa pawo. Miyezi isanu ndakhala ndikudikira mawu amenewo."

"Anatchula ukwati ndi mtsikana amene azigona m'mawa. Ameneyo alipo kale, dzina lake ndi Henya. Amadziwanso zonse zimene unakonza ine ndisanadziwe."

"Henya walowa bwanji apa?"

"Funsa amayi ako kuti Lolemba anali kuti."

Anapukusa mutu. "Masabata asanu ndi awiri okha, Shifra. Sungagonje masabata asanu ndi awiri kuti tipeze moyo wonse?"

"Iwe unandiyatsira hita chifukwa chiyani?"

"Kunkazizira."

"Ayi. Unandiuza wekha kuti unamva mtsikana akunena Kadishi mosachita manyazi, ukuti mtima wako unagunda. Unakonda ameneyo. Lero wapita kukagwada masiku atatu kuti um'tseke pakamwa, ndipo ukufuna ndikuthokoze."

"Si chilungamo chimenecho. Ndimafuna kukusenzera katundu."

"Si katundu. Ndi bambo anga."

Tinaima choncho, pakati pathu pali mpata wa mkono umodzi umene sitinaudumphepo. Ndinkafuna kumusasa chipale m'tsitsimo, ndinkafunanso kumukankhira m'chipale momwemo. Ndinalowa m'galimoto. Ndinalira kuyambira pa geti yawo mpaka pa maloboti a pamsewu wa Cedar, kenako ndinasiya chifukwa sindinkaona msewu.

Lachinayi a Zelig ananena Kadishi yawo yomaliza, liwu likunjenjemera, ine ndikutsatira. Atatha anabweretsa timabisiketi ndi kabotolo ka kachasu monga mwa mwambo, amuna n'kumawafunira amayi awo mpumulo wabwino. Hita yanga tsiku limenelo inali yoyatsa, koma Naftali sanayang'ane kumbali ya katani.

Masana ndinaimbira a Rabi. Anali ku New York, ku ukwati wa mdzukulu wawo.

"Shifra, ukundifunsa lamulo kapena ukundifunsa mtendere?"

"Lamulo."

Anapuma mozama. "Lamulo silinasinthe. Ukanena, ndi Kadishi. Koma pemphero limeneli si la munthu m'modzi. Iwe umayamba, iwo amayankha. Ukaimirira n'kunena, iwo n'kukhala chete, ndiye kuti wangoyankhula ndi khoma. Ine sindingatsegule pakamwa pa munthu ndili kuno."

Madzulo ndinadikira meseji ya Naftali. Inafika imodzi, dzuwa litangolowa.

"Bambo ati aliyense woyankha mawa aziona."

"Nanga iwe ukuti chiyani?" ndinalemba.

Foni inaonetsa kuti akulemba. Inasiya. Inayambanso. Inasiya. Palibe chimene chinafika.

* * *

Lachisanu ndinafika msanga kuposa masiku onse, poopa kuti andikhomera kunja. Chitseko chinali chotsegula. A Brandwein si munthu wa ndewu ya pakhomo, ankadalira kuti manyazi andigwira okha. Kumbali yanga kunali mdima. Ndinayatsa ndekha getsi, hita ndinaisiya. Ndinasuzumira pakampata paja n'kupeza amuna khumi ndendende, Naftali ali kumapeto pafupi ndi khoma, timalamba ta pemphero titakulungidwa pamkono, mutu uli pansi.

Mapemphero a m'mawa umenewo anathamanga ngati pali moto. Atafika kumapeto, pamalo pomwe olira amaimirira, a Brandwein anamenya pa tebulo ndi chikhatho.

"Lero palibe wolira. Sabata labwino nonse."

Mipando inayamba kukokedwa. Ndinaganiza za diresi yabuluu ija, za tsiku la ukwati limene linatchulidwa kamodzi, za manja a Naftali. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa mwina zonsezo ndazitsanzika. Ndinaimirira.

"Wolira alipo," ndinatero. "Shifra, mwana wa Mendel Landau."

Ndipo ndinayamba. Miyezi isanu ndi inayi liwu langa linkabisala pansi pa liwu la a Zelig, moti ineyo ndinali ndisanalimvepo lokha m'chipinda chimenecho. Linatuluka lalikulu kuposa mmene ndinkaganizira, losanjenjemera, mawu aliwonse pamalo pake monga anandiphunzitsira bambo anga. Ndinamaliza mzere woyamba, wokweza dzina la Mulungu, n'kuima pamene amuna amayankha.

Chete.

Ndinamva paipi ya madzi ikudontha kukhoma. Wina anatsokomola. Sindinasuzumire pakampata, ndinayang'ana katani yokhayokha, nsalu yakale yobiriwira, n'kuwerenga mumtima. Ndinatsimikiza kuti ndidikira ngakhale mpaka Sabata litalowa.

"Ameni."

Liwu limodzi, lochokera kumapeto pafupi ndi khoma. Silinali lokweza, koma ndikanalizindikira pakati pa anthu chikwi.

"Naftali," anatero bambo ake.

"Ameni," anabwereza Naftali, tsopano mokweza.

"Ameni," anatero a Zelig. "Pitiriza, mwanawe, ena tili ndi mankhwala oti tikamwe."

Ndinapitiriza. Ndili pakati pa mzere wachiwiri ndinamva nsapato zolemera zikulowera kuchitseko, kenako zina, kenako zinanso. Atatu anatuluka. Wina ananong'ona kuti khumi saakwananso, asiye. A Zelig anamudula pomwepo.

"Anayamba tili khumi, amaliza. Lamulo limatero, kafunse aliyense. Bola ambiri tatsala."

Nditafika pakati pa pemphero, pomwe mpingo wonse umayenera kuyankha ndi mphamvu zake zonse kudalitsa dzina lalikulu, amuna asanu ndi awiri aja anayankha mpaka katani inagwedezeka. Ena mwa iwo anali oti miyezi yonseyi ankangong'ung'udza. Sindikudziwa kuti chinawalowa n'chiyani, mwina manyazi, mwina anakumbukira ana awo aakazi. Ine ndinamaliza mawu onse, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu monga timachitira, kuwerama kumanzere, kumanja ndi kutsogolo. Sindinalire. Ndinanyada, ndipo ndikunena poyera, ndinanyada kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga.

Nditatuluka kuseri kwa katani ndinapeza a Brandwein abwerera, aima pakhomo, chikwama cha nsalu yopempherera chili m'khwapa. Sanandiyang'ane.

"Mawa ndi Sabata, tikhala kumtunda ndi mpingo wonse, zimenezo akaweruza ndi a Rabi akabwera. Koma kuyambira Lamlungu mapemphero a m'mawa azichitikira kunyumba kwanga. Wofuna galimoto akudziwa nambala yanga." Anaika kiyi pa tebulo. "Naftali, tiye."

"Ndikumasula timalamba, bambo."

"Ukamasulira m'galimoto."

"Ndibwera pambuyo."

Anayang'anana. Amafanana kwambiri anthu awiriwa, mphuno yomweyo, chibwano chouma chomwecho.

"Ukachedwa," anatero bambowo motsitsa, "madzulo ano pa tebulo la Sabata mpando wako sukhala wopanda munthu. Amayi ako aitana a Gutman ndi mwana wawo." Anakwera makwerero osacheuka.

Naftali anamasula timalamba take pang'onopang'ono. Ndinamuyandikira mpaka pa mpata wathu wa mkono umodzi uja.

"Ukudziwa chimene wachita?"

"Ndayankha Ameni. Munthu akanena zoona umayankha." Anayesa kumwetulira. "Usiku ndinalemba meseji kakhumi. Zonse zinali zopusa."

"Ukanatumiza yopusa imodzi. Ndinadikira."

"Pepa, Shifra. Ndinkaganiza kuti kukukonda ndi kukulandira zonse zolemera. Sindinafunse ngati ukufuna kulandidwa."

Ndikanakhala mkazi wake ndikanamugwira nkhope ndi manja awiri. Poti sindinali, ndinangomuuza kuti kachipewa kake kapendekeka.

A Zelig anali atayamba kale ntchito. Ife sitiwerenga anthu ngati mbuzi, timawerenga mokana, ndiye anakweza chala n'kumaloza m'modzim'modzi.

"Si m'modzi, si awiri, si atatu, si anayi, si asanu, si asanu ndi m'modzi, si asanu ndi awiri." Chalacho chinafika pa ine, chinaima m'malere kanthawi, kenako chinatsika. Nkhalambayo inachita manyazi. "Akusowa atatu pofika Lamlungu, mwanawe. Popanda iwo palibe Kadishi, ngakhale utakhala ndi liwu la mngelo."

"Ndiwapeza," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa khomo loyambira.

Pomwepo foni ya Naftali inayamba kunjenjemera pa tebulo. Tonse tinaona dzina limene linatuluka: Amayi. Inalira mpaka kusiya. Inayambanso. Iye anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kuika manja m'thumba.

"Sindiyankha," anatero. "Ndikudziwa zimene anene. Alira, anena za mtima wawo, andiuza ndibwere pompano."

Mulungu akudziwa kuti ndinkafuna foniyo ilire mpaka batire kutha. Ndinkadziwa mphamvu ya misozi ya amayi aja, ndinkadziwanso kuti Henya adzakhala atapesa tsitsi pa tebulo lawo madzulo. Koma ndinali nditangomaliza kumene kuitana dzina la munthu amene sadzandiimbiranso foni.

"Yankha," ndinatero. "Ako ali moyo."

Anandiyang'ana. Kenako anatola foniyo, anati, "Amayi, ndikumva," n'kukwera makwerero, mawu ake akuchepa mpaka chitseko chakunja chinatsekeka. Tinadikira mphindi zisanu, kenako khumi. Amuna ena anayamba kuvala majekete. Panja galimoto inalira, n'kunyamuka.

A Zelig anayang'ana makwerero opanda munthu aja, anatola kiyi pa tebulo n'kuiika m'dzanja langa.

"Upeze anayi," anatero.